Kwathu kuseri kwa Chia, kumene keyala yathu ndi sukulu

Msewu wa M5 ukachoka ku Salima umadutsa pa Khombedza, n'kulowa m'boma la Nkhotakota, kufika pa Benga, kenako n'kumayandikira nyanja pang'onopang'ono mpaka pa mlatho wa Chia. Apaulendo ambiri m'chigawo chonsechi amadziwamo pa mlatho pokhapo, chifukwa ndi pamene dalaivala amaima kuti anthu agule chambo. Anyamata amathamangira galimoto atakweza nsomba m'mwamba, mtengo n'kuyamba kukambidwa pa windo. Zikagulidwa amazipachika pa galasi la kunja kuti zizipitidwa mphepo, ulendo n'kupitirira. Pamenepo kwatsala makilomita 20 ndi kanthu kuti mufike pa boma.

Kwathu ndi kuseri kwa zimenezi. Umatsika pa tala n'kulowera kumadzulo pa msewu wafumbi, pa kabaza ngati m'thumba muli kanthu, wapansi ngati mulibe. Palibe chikwangwani chokulandira. Palibe positi ofesi, polisi kapena msika wa khonsolo, ndipo palibe amene anabwerapo ndi tepi kudzayeza kuti malowa akuyambira apa n'kuthera apo. Malire amene timawadziwa ndi mlambe, khwawa ndi manda. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 390,000 m'boma la Nkhotakota, koma a pa boma penipeni sanafike 30,000. Ochuluka kwambiri amakhala m'malo ngati athuwa, amene pa mapu saoneka.

Ngakhale dzina la malowo limatengera amene wafunsa. Msodzi akuuzani dzina la doko limene amakocheza bwato. Polembetsa chiphaso cha unzika chija mu 2017 analemba nyakwawa, mfumu yaikulu ndi boma. A zaumoyo amatiwerengera ku chipatala chimene timayendera. Koma munthu wakwathu akakhala ku Lilongwe kapena ku Joni, wina n'kumufunsa kuti kumudzi n'kuti, amayamba ndi Nkhotakota. Akaona kuti wofunsayo akukudziwa, amatsikira pa Chia. Akamupanikizabe, amatchula dzina la sukulu ya pulayimale, ndipo apo ndiye kuti wafika.

Ine ndimaona kuti chimene chimagwira malo ngati amenewa kuti akhale amodzi ndi sukuluyo basi. Ufumu unagawikagawika. Chiyambireni makuponi a feteleza mu 2005, midzi yakhala ikubereka midzi inzake, banja lililonse lalikulu kufuna nyakwawa yakeyake kuti mayina asamasowe m'kaundula. Chipembedzo nacho sichingatiphatikize: pali a Anglican, a CCAP, a Katolika, pali mzikiti, ndipo kumtunda kuli dambwe. Khansala tinakhala opanda kuyambira 2005 mpaka 2014, dziko lonse lino, ndipo kwathu ambiri sanazindikire n'komwe kuti pali chimene chasowa. Koma mwana wa shehe, mwana wa mkulu wa mpingo ndi mwana wa kudambwe onse amakhala pa simenti imodzi m'kalasi ya Sitandade 2, kulimbirana buku limodzi.

Kuti mumvetse sukuluyo, yambani mwamvetsa nthaka ndi madzi. Dera lathu lili m'magawo atatu, ndipo munthu ungamudziwe kumene akuchokera poona zimene zili m'mbale yake. Kufupi ndi madzi kuli mchenga, chimanga chimangofiira masamba, ndiye anthu amadalira chinangwa. Amachiviika, kuchiyanika, n'kusinja ufa wa kondowole. Pakati pali madambo a dothi lakuda lomata, kumene kumalimidwa mpunga, faya ndi kilombero. Ukakwera kulowera ku mapiri a Ntchisi dothi limayamba kufiira, ndipo kumeneko ndi kwa chimanga, mtedza ndi kafodya pang'ono. Akumtunda amanyoza kondowole kuti ndi yonunkha, akumadzi amanyoza mgaiwa kuti sukhalitsa m'mimba. Komabe pa njala ya 2002 akumtunda omwewo, ena ochokera ku Ntchisi ndi ku Dowa, ankatsika ndi makasu kudzagwira ganyu yolipidwa makaka. Nacho chinangwacho chili ndi tsoka lake: m'zaka za m'ma 1980 kodikodi anachifinya masamba m'mbali mwa nyanja monse, ndipo amene analipo amakumbukira minda yopiringizika nsonga, pansi popanda kanthu.

Chia ndi thamanda lalikulu, pafupifupi masikweya kilomita 17, ndipo madera olizungulira ali m'manja mwa mafumu aakulu a Mwadzama ndi a Malengachanzi. Madzi ake amatsika kuchokera ku mapiri a Ntchisi kudzera m'mitsinje ya Lifuliza, Likoa ndi Bambara, n'kutulukira m'nyanja yaikulu pa kamtsinje kaja kali pansi pa mlatho. Si lakuya kwenikweni, ndipo m'mphepete mwake muli bango ndi gumbwa, n'chifukwa chake nsomba zimakonda kuswana momwemo. Ng'ona nazonso zimakonda momwemo, ndipo mvuu zimatuluka usiku kukadya mpunga wa eni. Masiku ano mvula ikagwa kumtunda madzi amabwera ofiira, atanyamula dothi la m'minda imene kale inali nkhalango, ndipo dothilo likukwirira thamandali chaka ndi chaka. Ichi asodzi safunika kuuzidwa ndi katswiri. Amachiona pa nkhafi, imene tsopano ikugunda pansi pamene kale sinkafika.

Nyanja yaikulu nayo sikhala malo amodzi. Pofika 1915 inali itatsika mpaka Shire analeka kuyenda bwino kuchokera m'nyanjamo, ndipo zinakhala choncho mpaka cha mu 1935. Mu 1980 inakwera kwambiri n'kumeza minda ndi nyumba. M'zaka za m'ma 1990 inabwereranso m'mbuyo, ndipo anthu ataona mtunda watsopano anadzalapo mpunga, ena n'kumangapo. Akuluakulu ankachenjeza kuti madzi saiwala khwawa, koma malo olima ndi ochepa ndipo ana ndi ambiri, ndiye ndani akanamva? Mu 2024 nyanja inabwera kudzatenga malo ake. Ikakwera choncho imakankhira madzi m'Chia, Chia n'kukankhira m'madambo, njira zonse za pakati n'kusanduka matope ofika m'chiuno.

Za mbiri, zimene timaphunzira m'kalasi zonse zinachitikira pa boma, ife tili m'mbali. Cha m'ma 1840 Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdallah anakhazikika ku Linga, pa Nkhotakota pomwepo, n'kukhala Jumbe woyamba, kutanthauza mfumu ya Aswahili ya kumeneko. Malonda ake anali minyanga ya njovu ndi anthu, amene ankawawolotsa nyanja pa zombo za matanga kenako n'kuwayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa. Kumapiri nako kunali Angoni a kwa Chiwere amene ankatsika kudzafunkha. Midzi ya Achewa ya m'chigwa muno inapanikizika pakati, ndipo yambiri inasankha kubisala pansi pa mfuti za Jumbe, n'kumapereka mpunga, nthawi zina n'kumapereka anthu. Mbali imeneyi akuluakulu sakonda kuikamba, chifukwa zidzukulu za ogulitsa ndi za ogulitsidwa zinakwatirana kalekale, ndipo pa maliro zimakhala pa mkeka umodzi. David Livingstone anadutsa pa Chia mu 1863 ndipo analemba za maukonde amene anaona asodzi akugwiritsa ntchito. Mkuyu umene anakumanirapo ndi Jumbe alendo amakauonabe pa boma. Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wachitatu mu 1889, ndipo mu 1895 Jumbe womaliza anachotsedwa n'kutumizidwa ku Zanzibar. Zimene anatisiyira zilipobe: Chisilamu, ulimi wa mpunga, mitengo ya kokonati ya ku Linga.

Sukulu inalowera pa khomo lomwelo. Amishoni a UMCA, amene lero timati a Anglican, anafika ku Nkhotakota mu 1894. Wansembe woyamba, Arthur Sim, anamwalira chaka chotsatira, chaka chomwe Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja n'kuikidwa ku Nkhotakota komweko. Kuchokera pa mishoni imeneyo aphunzitsi, ambiri a ku Likoma, ankatumizidwa m'midzi kukamanga zisakasa za bango zimene pakati pa sabata zinali sukulu, Lamulungu n'kukhala tchalitchi. Boma la atsamunda linadzakhazikitsa nthambi yake ya maphunziro mu 1926 mokha, kutanthauza kuti kwa zaka 30 kuphunzira kulemba ndi kubatizidwa zinali njira imodzi. Makolo achisilamu anaona zimenezi n'kubweza ana awo. Amene amawanena kuti anali osakonda chitukuko sanaganize bwino: kholo liti lingatumize mwana kumene akabwereko ndi dzina lina ndi chipembedzo china? Ana awo ankapita ku madrasa, n'kumadziwa kuwerenga Chiarabu, koma ntchito za ukalaliki zinkafuna Chingerezi. Mpata umene unatseguka nthawi imeneyo wakhala ukutsekeka pang'onopang'ono, ndipo m'mabanja ena amene anayamba kufika Folomu 4 ndi a msinkhu wanga.

Yathuyi inayamba ngati chisakasa choterocho. Amene anapereka malo ndi nkhani ya mkangano mpaka lero, mabanja awiri aliyense akuti anali agogo awo. Chikalata chokhacho chimene chimasunga mbiri ya dera lathu ndi logibuku ya ahedi, chibuku chachikuto cholimba chimene chimakhala m'kabati ya mu ofesi pamodzi ndi choko ndi mpira wophulika. Ahedi ena anandilola kuliona. Masamba oyambirira chiswe chinadya, m'mphepete mwa otsalawo muli madontho a denga lodontha. Zolembedwamo n'zachingerezi, zilembo zikusintha mphunzitsi wamkulu akasintha: ena zopendekera zokongola za inki, ena zothamanga za bolopeni. Cholinga chake n'kulemba za sukulu zokha, monga kubwera kwa oyendera masukulu kapena kusamutsidwa kwa mphunzitsi, koma mudzi wonse unalowamo. Muli tsiku limene ana sanabwere chifukwa mtsinje unadzaza. Muli sabata imene sukulu inatsekedwa chifukwa cha maliro a mfumu. Muli mphepo imene inasasula denga, chikuku, njala, mwana wogwidwa ndi ng'ona pochapa. Palibe nyakwawa kapena ofesi ya pa boma imene ili ndi zimenezi pa pepala. Ndipo bukulo lilipo limodzi, m'kabati yamatabwa, m'dziko la chiswe.

Kalata nazo zinkafikira pomwepo. Amuna akwathu anayamba kalekale kupita ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni kukasaka ndalama ya msonkho ndi ya malata. Ulendo wa Wenela, bungwe lotengera anthu ku migodi, unaima mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, koma kupita kunja sikunathe, kunangosintha njira. Onsewo polemba kalata ankaika dzina la munthu, dzina la sukulu, ndi bokosi la ku positi ofesi ya pa boma. Ahedi akapita kukalandira malipiro ankabwera ndi mtolo, m'mawa mwake pa asembule n'kumaitana mayina. Mwana amene wapatsidwa kalata ya kwawo ankayenda monyada tsiku lonse. Madzulo agogo anga aakazi ankavala chilundu chabwino, ine pambuyo, ulendo wa kunyumba ya aphunzitsi.

"Odi kuno! Wawa aphunzitsi, ati kwabwera kalata ya mwana wanga."

"Eya mayi, fikani. Khalani pa mkekapo. Iwe, tapita ukasewere uko."

Ndinkapita, koma osati patali. Aphunzitsi ankawerenga pang'onopang'ono, pena n'kuima, kutsokomola, n'kudumpha mzere. Agogo ankadziwa kuti pena padumphidwa, koma sankafunsa. Kenako ankanena yankho, aphunzitsi n'kumalemba pa pepala lothothola m'kope, akukonza mawu okalipa kuti afike ofewa. Motero mphunzitsi, mlendo wochokera boma lina, ankadziwa amene watumiziridwa ndalama, amene wakwatira kwina, amene ali m'ndende. Ulemu umene aphunzitsi akale ankalandira unkachokera pamenepo, pa zinsinsi zimene ankasunga, kuposa pa masamu amene ankaphunzitsa. Lero kuli foni, ndalama zimabwera pa Mpamba ndi Airtel Money, ndipo kunyumba ya aphunzitsi anthu amapitako kukatchajitsa pa sola.

Chaka cha 1994 chinasintha zonse. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana m'dziko muno anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'nthawi yochepa. Kwathu tinaona anyamata a ndevu zoyamba kumera akulowa Sitandade 1 pamodzi ndi ang'ono awo. Makalasi anasefukira pansi pa mitengo ya mango, bolodi litatsamira pa thunthu, mvula ikangochita mdima aphunzitsi n'kutiuza kuti tiziweruka. Aphunzitsi ena anali ongomaliza kumene sekondale, atapatsidwa maphunziro a masabata ochepa. Anthu ena amakonda kunena kuti maphunziro anafera pomwepo. Ine sindinena nawo, chifukwa ndikudziwa amene anali kunja chisanafike chaka chimenecho: ana amasiye, atsikana, ana a m'mabanja amene ndalama ankaiona pokhapokha mpunga ukagulidwa. Chimene chinalakwika n'chakuti chitseko chinatsegulidwa koma nyumba sinakuzidwe, ndipo mpaka lero Sitandade 1 imakhala ndi ana opitirira 100 pa mphunzitsi mmodzi pamene Sitandade 8 imakwana m'mabenchi ochepa.

Ana onsewo amathera kuti pakati pa Sitandade 1 ndi 8? Yankho limene mumamva m'misonkhano ndi lakuti ana a kunyanja sakonda sukulu, makolo awo sadziwa ubwino wa maphunziro, pakufunika kuwazindikiritsa. Mawu amenewa amandinyansa, chifukwa amanenedwa ndi anthu amene sanayendepo njira ya kusukulu kwathu mu February.

Taonani mmene chaka cha sukulu chimagonera pa dera lathu. Kuyambira cha mu 2010 sukulu zimatsegulira mu September. Teremu yoyamba imagwa m'chilimwe, njira zili zouma, ana amabwera ambiri ngakhale kutentha kwa October kumawagonetsa m'kalasi. Teremu yachiwiri, January mpaka April, imagwa pakati pa dzinja. Sukulu ili kumtunda, pamene amishoni anaona kuti sipafika madzi, koma theka la ana limakhala kutsidya kwa dambo. Mwana wa Sitandade 6 amavula yunifolomu, kukulungamo makope, kusenza pamutu n'kuwoloka. Wa zaka 6 sangathe, ndipo mayi wanzeru zake sangamulole, podziwa zimene zimayenda m'madzimo Chia akasefukira. Ndiye amakhala pakhomo miyezi iwiri kapena itatu, pobwerera anzake ali patali, mapeto a chaka n'kubwereza. Akabwereza kawiri amakhala wamkulu pakati pa tiana, manyazi n'kumugwira. Miyezi yomweyo ndi yowokera mpunga, ntchito yofuna manja ambiri, ndiponso ndi ya malungo. Mpunga ukayamba kucha mu April ndi May, mpheta zimagwa m'munda kuyambira m'bandakucha, ndipo wozipirikitsa ndi mwana. Imeneyo ndi nthawi yomwe a Sitandade 8 akukonzekera mayeso a MANEB. Banja likataya mpunga lataya chakudya, sopo ndi yunifolomu yomwe. Kholo limene lauza mwana kuti lero ajombe akaingitse mbalame lawerengera bwinobwino, ndipo masamu ake ndi olondola.

Anyamata ali ndi chowakoka china. Mwezi ukakhala mumdima, ku madoko a nyanja yaikulu kumakhala ntchito ya usipa. Siginala, msodzi wokopa usipa ndi kuwala, amatsogola pa bwato ndi nyali zake, kale za tilile, lero mababu a batire, ndipo ena amakoka ukonde wa chilimira usiku wonse. Mnyamata wa zaka 14 akapita nawo amabwera m'mawa ndi ndalama m'manja, yakeyake, pamene mkulu wake amene anakhoza Folomu 4 ali pakhomo kudikira ntchito imene sikubwera. Amalume anga, amene moyo wawo wonse unali wa pamadzi, anandiuzapo tikukonza ukonde: "Mphwanga, iwe limbikira sukuluyo, mutu uli nawo. Koma usamanyoze anzakowa. Nsomba imalipira m'mawa womwewo, sukulu imalipira mwina." Iwo omwewo ndi amene anandilipirira fizi ya sekondale ndi ndalama ya usipa. Chimene ankaopa n'chakuti nsombazo zikutha, ntchila sakuionanso, chambo chikuchepa msinkhu, ndipo mwana wosiya sukulu chifukwa cha nyanja adzapezeka alibe zonse ziwiri.

Amene wapirira mpaka kulemba mayeso amadikira mndandanda wa osankhidwa. Kusankhidwira ku sekondale ya dziko lonse kumachitika mwa apo ndi apo, ndipo zikachitika dzina la mwanayo limatchulidwa zaka zambiri. Ochepa amapita ku sekondale yogonera ya m'boma. Ambiri amagwera ku CDSS, sekondale zoyendera zija zinali ma DEC, malo a maphunziro a patali, mpaka 1998, ndipo yoyandikira kwathu ili kufupi ndi tala. Wanjinga amayendera, wopanda njinga amachita selufu: kubwereka kachipinda pa senta, kudziphikira, kudzisamala yekha ali ndi zaka 15. Kwa mtsikana, kumeneko ndiye kumene zambiri zimathera. Ufa ukatha pakati pa mwezi, amene ali ndi ndalama pafupi ndi wogula nsomba kapena wa kabaza yamoto. Lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka lilipo kuyambira 1993, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anakweza msinkhu wokwatiwa kufika zaka 18. Amayi a mother group amayesetsa, amayenda khomo ndi khomo. Koma hositelo imodzi yokhala ndi mpanda ndi matron ikanachita zambiri kuposa malamulo awiriwo, monganso kamlatho kamodzi pa dambo lathu kakanaposa misonkhano yonse yozindikiritsa makolo.

Ndi mavuto onsewo, boma likafuna kutipeza limabwera pa sukulu pomwepo. Pa referendamu ya 1993 anthu anavotera pamenepo, ndipo zisankho zonse chiyambire zimachitikira m'makalasi omwewo. Sikelo ya ana, katemera, kalembera wa unzika, kulemba mayina a Mtukula Pakhomo, kugawa maneti, zonse ndi pa bwalo la sukulu. Kolera ya 2022 ndi 2023 itavuta m'mbali mwa nyanja, mjigo wa pa sukulu ndi umene unkamwetsa midzi ingapo. Madzi akalowa m'nyumba, anthu amathawira m'makalasi ndi mbuzi zawo, ana n'kukhala osaphunzira mpaka madzi ataphwa. Ngakhale malipenga ndi chiwoda, magulu akafuna kupikisana, bwalo lake ndi lomwelo la mpira. Belu la sukuluyo ndi limu ya galimoto yopachika pa mtengo, ndipo likalira nthawi yosayenera mudzi wonse umadziwa kuti kwagwa kanthu.

N'chifukwa chake nkhani imene yavuta kwathu panopa si yaing'ono monga ikumvekera. Anthu a kutsidya kwa dambo anatopa, ndipo anagwirizana zoyambitsa sukulu yawo ya ana aang'ono, Sitandade 1 mpaka 4, kuti tiana tisamawoloke madzi. Anamanga chisakasa, anapeza achinyamata awiri a Folomu 4 oti aziphunzitsa mongodzipereka, makolo n'kumasonkha kangachepe kapena mbale ya mpunga. Anaumba njerwa n'kuwotcha uvuni wonse. Apa ndi pamene anamva kuti kuyambira 2018 malamulo salola njerwa zowotcha pa zomanga za boma, pofuna kuteteza mitengo, ndiye chithandizo chikadzabwera chidzafuna mabuloko a simenti. Lamulolo ndi labwino, ndipo aliyense amene waona madzi ofiira akulowa m'Chia sangalitsutse, koma palibe amene anawauza asanadule mitengo yowotchera uvuniwo.

Chachiwiri ndi dzina. Kuti a PEA, alangizi a masukulu a pulayimale a m'deralo, atengere nkhaniyi ku ofesi ya maphunziro pa boma, sukuluyo iyenera kukhala ndi dzina ndi malo osainidwa ndi mafumu. Malowo ali pa malire a nyakwawa ziwiri. Aliyense akufuna dzina lake, ndipo onse akudziwa chifukwa chake: dzina limene lilembedwe pa chikwangwanicho ndi limene lidzakhale pa mndandanda wa malo ovotera, pa makalata a chithandizo, ndi pakamwa pa ana amene adzakhale ku Lilongwe zaka 30 zikubwerazi akamadzafunsidwa kwawo. Ena anapereka maganizo oti itchedwe dzina la dambo lomwelo kuti pasakhale wopambana, koma dambolo nalo mbali iyi amalitchula mwina, mbali inayo mwina. Nkhaniyi inapita kwa a gulupu, a gulupu anaitumiza kwa mfumu yaikulu, ndipo tsiku lokamba lasunthidwa chifukwa cha maliro. Pakadali pano anawo akuphunzira m'chisakasamo, koma m'kaundula wa boma amawerengedwa ngati a sukulu yakale ya kumtunda, kumene mabuku awo amafikira.